Kodi Mlandu wa Katangale Umaola?

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

MUULUTSI: Moni kwa inu a pa Chezi amene mukulongedza matimati ndi anyezi m'mbali mwa msewu wa ku Salima, moni a ku Mvera ndi a kwa Chiwere konse, a ku Dowa boma, ndi inu a kuseri kwa mapiri ku Ntchisi. Yakwana nthawi yathu yokambirana za malamulo. Funso la lero ndi ili: munthu akadya ndalama za boma, kodi limafika tsiku loti lamulo linene kuti basi, papita nthawi, ameneyu musamuzengenso mlandu?

Akuluakulu anati mlandu suola. Pabwalo la anyakwawa mawuwa amagwiradi ntchito, poti mbuzi imene agogo anabwereka osabweza, mdzukulu amadzaifunsidwa. Koma khoti la boma siliyendera mwambi. Limayendera zolembedwa, ndipo m'zolembedwamo muli masiku ndi miyezi yowerengeka imene ambiri a ife sitiidziwa.

Tiyambe ndi buku la kazengedwe ka milandu, lija maloya amalitchula kuti Criminal Procedure and Evidence Code. Mu 2010 aphungu analikonzanso n'kuikamo malire a nthawi. Gawo 261 likukamba za makhoti a majisitireti, ngati lija la ku Dowa boma, pamene gawo 302A likukamba za bwalo lalikulu la milandu. Zonena zake n'zofanana. Mlandu umene chilango chake sichipitirira zaka 3 m'ndende uyenera kuyamba kuzengedwa pasanathe miyezi 12 chibukireni dandaulo, ndipo ukayamba uyenera kutha pasanathe miyezi ina 12. Nthawi imeneyi ikadutsa, munthuyo amamasulidwa. Komabe ngati woganiziridwayo wathawa, miyezi imayamba kuwerengedwa tsiku limene wagwidwa. Ndiponso ngati kuchedwako sikunachokere kwa ozenga milandu a boma, khoti limawonjezera nthawi.

Lamulo limeneli ine ndimaliyamikira. Tonse tamvapo za anthu amene anakhala pa rimandi ku Maula kapena ku Chichiri nthawi yaitali kuposa chilango cha mlandu wawo, fayilo itasowa, wowayang'ana palibe. Malamulo oyendetsera dziko, pa gawo 42, amati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo mlandu wake uzengedwe mosachedwetsa. Ufulu umenewu ndi wa wina aliyense, wamasiye ndi nduna yomwe.

Tsono katangale ali pati pamenepa? Lamulo lothana ndi ziphuphu ndi katangale la 1995, limene linabala bungwe la ACB, limaika chilango cha zaka 12 pa milandu yake ikuluikulu: kulandira chiphuphu, kupereka chiphuphu, kugwiritsa ntchito udindo molakwika pofuna phindu, kukhala ndi chuma chimene sungathe kufotokoza kumene chinachokera. Zaka 12 zaposa zitatu zija kutalitali, choncho malire a miyezi 12 saikhudza milandu imeneyi. Wodya ndalama za mlatho chaka chino angathe kudzagogoderedwa pakhomo imvi zili mbuu.

Ndipo zinachitikapo. A Uladi Mussa, amene anali phungu wa kwa anansi athu ku Salima, anali nduna ya za m'dziko mu 2013. Nkhani ya mapasipoti ndi ziphaso za unzika zimene zinaperekedwa kwa anthu akunja pa nthawiyo inawamangitsa mu 2017, ndipo bwalo lalikulu linawapeza olakwa mu Okutobala 2020. Kuchokera pa zochitikazo kufika pa chigamulo panadutsa zaka 7. Khomo likanakhala lotseka msanga, chigamulo chimenecho sichikanamveka.

Koma musafulumire kupuma. Si mlandu uliwonse wa mu ofesi umene uli wa zaka 12. Tiyerekeze kuti kumudzi kwanu kunalembedwa kuti kukumbidwa mjigo ndi ndalama za chitukuko cha m'dera, zija za CDF. Ndalama zinatuluka ku khonsolo, mjigo kulibe, amayi akutungabe madzi kudambo. Ofufuza afika. Amene anaika ndalama m'thumba sakupezeka bwinobwino, chifukwa zinadutsa m'manja ambiri. Chimene chikuoneka poyera ndi siginecha ya bwana wina amene anavomereza kuti ntchito yatha, chikhalirecho sanapondeko kumudziko. Mlandu wosavuta kumutsimikizira ameneyu ungakhale wonyalanyaza ntchito ya boma mwadala, ndipo chilango chake sichifika n'komwe zaka 3. Mwaona pamene pali msampha? Mlandu wotere uli m'gulu lija la miyezi 12. Malipoti a owerengera ndalama za boma nthawi zambiri amatuluka chaka kapena zaka zitadutsa. Pofika kukhoti, loya wa bwanayo amangoimirira n'kunena kuti, "Bwana, nthawi inadutsa." Katangale wa kumakhonsolo, amene amatipweteka ife tsiku ndi tsiku, ndi amene angapulumukire pa mpata umenewu.

(Kanyimbo kakafupi.)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za malire a nthawi pa milandu ya katangale.

Katangale ndi wosiyana ndi kuthyola nyumba. Akakuthyolerani nyumba mumadziwa m'mawa womwewo, mumakuwa, mudzi umasonkhana. Pa chiphuphu, wopereka ndi wolandira onse amachoka akumwetulira, ndipo woberedwa, amene ndi inu ndi ine, sakhalapo. Kawirikawiri wolandirayo ndi yemwe akusunga makiyi a kabati ya mafayilo. Nkhani imadzaululika iye atachoka pampando, kapena atakangana ndi mnzake pogawana. N'chifukwa chake pangano la United Nations lolimbana ndi katangale la 2003, limene Malawi analivomereza mu 2007, pa ndime 29 limapempha maiko amene ali ndi malire a nthawi kuti malirewo akhale aatali, ndipo atalikitsidwe kapena aimitsidwe ngati woganiziridwa akuzemba.

Dziko la Italy linaphunzira movutikira. Kumeneko zaka zinkapitiriza kuwerengedwa ngakhale mlandu uli mkati, ndipo mu 2005, pa ulamuliro wa Silvio Berlusconi, nyumba ya malamulo inafupikitsa malire a milandu yambiri. Loya wina wa ku Britain, David Mills, anapezeka wolakwa mu 2009 pa mlandu wolandira madola 600,000 kuti apereke umboni wokomera Berlusconi. Chaka chotsatira bwalo lalikulu kwambiri linati nthawi yatha, chilango chafafanizika. Mu 2012 mlandu wa Berlusconi mwini pa nkhani yomweyo unatha chimodzimodzi. Kumalo kotere loya wochenjera safunika kutsutsa umboni. Amangofunika kudwalitsa, kuchita apilo, kupempha tsiku lina, mpaka kalendala imugwirire ntchito. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali pa ganyu, milandu yambiri imatha mphamvu pakadutsa zaka 20 isanatsegulidwe.

Ife tilibe lamulo ngati la ku Italy pa milandu ikuluikulu ya katangale. Nanga n'chifukwa chiyani zotsatira zake zikufanana?

Tengani mlandu wa a Bakili Muluzi, mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 1994 mpaka 2004. Anamangidwa koyamba mu Julaye 2006, milanduyo n'kuchotsedwa pasanapite nthawi. Anamangidwanso mu Febuluwale 2009, powaganizira kuti ndalama zokwana K1.7 biliyoni zochokera kumaiko othandiza zinalowa m'maakaunti awo. Iwo anakana kuyambira tsiku loyamba, ankati ndi ndale. Mlandu unayenda, unaima, unayendanso. Nthawi zina anali kuchipatala kunja chifukwa cha msana. Nthawi zina nkhani inapatukira ku funso loti kodi gawo 32 la lamulo la katangale, lija lofunsa munthu gwero la chuma chake, likugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mu 2016 yemwe ankatsogolera kuzenga mlanduwo ku ACB, a Reyneck Matemba, anadzichotsamo. Mlandu unayamba pa nthawi ya a Bingu wa Mutharika, unadutsa a Joyce Banda, unadutsa a Peter Mutharika, ndipo mu Meyi 2023, pa nthawi ya a Lazarus Chakwera, mkulu wozenga milandu ya boma, a Masauko Chamkakala, anauthetsa. Zaka 14.

Ndikufuna mundimve bwino. Palibe khoti limene linapeza a Muluzi olakwa, ndipo ine sindikuwaweruza. Chimene chimandiwawa n'chakuti Amalawi sitinamve chigamulo. Ngati anali osalakwa, ndiye kuti munthu wamkulu anasenza dzina loipa zaka 14 popanda chifukwa, ndipo kumeneko n'kumulakwira. Ngati ndalama zinasowadi, ndiye kuti eni ake, amene ndi ife, sitinabwezeredwe ngakhale tambala. Mbali zonse ziwiri chilungamo sichinaoneke.

Onaninso zimene nthawi inachita ndi ndalama yomweyo. Mu 2009 dola imodzi inali pafupifupi K140, kutanthauza kuti K1.7 biliyoni inali ngati madola 12 miliyoni. Kwacha itatsitsidwa mphamvu mu Novembala 2023, dola inafika pafupifupi K1,700 kubanki. K1.7 biliyoni yomweyo inatsala ngati madola 1 miliyoni. Choncho pa mlandu uliwonse wa ndalama umene wachedwa chonchi, ngakhale boma litapambana n'kulamula kuti zibwezedwe, zobwerazo sizingamange zipatala zimene zikanamangidwa poyamba.

Inu a pa Chezi mukudziwa kuti dengu la matimati silidikira kasitomala wa sabata yamawa. Umboni uli chimodzimodzi. Mboni imamwalira. Ina imapuma ntchito n'kubwerera kumudzi kumene samani siifika. Kalaliki amene anaona cheke chikulembedwa amapita ku Johannesburg osasiya adiresi. Amene watsala, akafunsidwa za tsiku la zaka 10 zapitazo, amayankha moona mtima kuti, "Sindikukumbukira bwino," ndipo loya wa mbali inayo amangofuna mawu amenewo. Mavaucha amanyowa, amadyedwa ndi chiswe, ena amasowetsedwa dala. Wofufuza amene ankaidziwa fayilo kuyambira tsamba loyamba amapeza ntchito kwina. Jaji amakwezedwa kapena kupuma, wina n'kuyamba kuwerenga mulu wa mapepala umene sanaone nkhope za ouchitira umboni. Pa mlandu waupandu boma liyenera kutsimikizira khoti popanda chikaiko chomveka, ndipo chaka chilichonse chodutsa chimabala chikaiko chatsopano.

Nkhani ya Cashgate ikutionetsa mbali zonse. Inaphulika mu Seputembala 2013, a Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, atawomberedwa pageti la nyumba yawo ku Lilongwe. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza poyamba kuti K13 biliyoni inasowa m'miyezi 6 yokha. Amene anavomera milandu yawo anaweruzidwa msanga: mayi Tressa Senzani, mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, analamulidwa zaka 3 mu Okutobala 2014, ndipo a Oswald Lutepo zaka 11 mu Seputembala 2015. Koma mlandu wa K2.4 biliyoni wa a Mphwiyo ndi anzawo unakoka mpaka mu Juni 2023, pamene a Mphwiyo anasowa ali pa belo, chigamulo chisanaperekedwe. Wachinyamata amene akuonera zonsezi akuphunzirapo kuti wovomera amalowa m'ndende, pamene wokoka nthawi amagona kwawo. Phunziro limenelo ndi loopsa kuposa ndalama zimene zinabedwa.

(Kanyimbo kakafupi.)

MUULUTSI: Pali malire ena a nthawi amene ali aafupi kwambiri, ndipo sakambidwakambidwa. Malamulo oyendetsera dziko, pa gawo 99, amapatsa mkulu wozenga milandu ya boma mphamvu yothetsa mlandu chigamulo chisanaperekedwe. Akatero ayenera kupereka zifukwa zake ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku 10. Tsono gawo 77 la buku la kazengedwe ka milandu lija limati ngati woimbidwa mlandu anali atauzidwa kale kuti adziteteze, basi wamasuka kotheratu. Ngati anali asanafike pamenepo, boma lili ndi miyezi 6 yoti liutsegulenso. Ganizirani: mlandu umene lamulo silinauikire malire a zaka, umene ofufuza anautaira thukuta zaka zambiri, ungafe ndi kalata imodzi ndi miyezi 6 ya chete.

Mphamvu imeneyi ndi imene inathetsa mlandu wa a Muluzi. Ndi yomweyonso inathetsa, mu Meyi 2024, mlandu wa malemu a Saulos Chilima, amene anamangidwa mu Novembala 2022 pa nkhani yokhudza wamalonda Zuneth Sattar. Nawonso anakana milanduyo ndipo sanapezeke olakwa. Sindikunena kuti mphamvu yothetsa milandu ichotsedwe, ayi. Ulipo mlandu umene umboni wake ndi wofooka, ndipo kuupitiriza n'kuzunza munthu. Koma mkulu wozenga milandu amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, ndipo zifukwa zake zimapita ku komiti ya aphungu, osati kwa inu. Ine ndikuona kuti pa mlandu wa ndalama za anthu, zifukwazo ziziwerengedwa poyera, m'khoti, kuti mlimi wa kwa Chiwere amene msonkho wake unalipira ofufuza azimve ndi makutu ake.

Onjezanipo gawo 91, limene limati mtsogoleri wa dziko sangaimbidwe mlandu waupandu ali pampando. Akalamulira zaka 10, ndiye kuti umboni wadikira zaka 10. Apa m'pamene ndimati tisadzalole tsiku lina aphungu kutibweretsera lamulo loti milandu ya katangale izitha mphamvu pakadutsa zaka 5 kapena 10. Lingamveke ngati lothandiza kuchepetsa milandu m'makhoti, koma opindula nalo angakhale okhawo amene ali ndi mphamvu yobisa zinthu mpaka zakazo zikwane.

Zina zasinthako. Kale ACB sinkatha kuzenga mlandu popanda chilolezo cha mkulu wozenga milandu ya boma, yemwe ankapatsidwa masiku 30 oti ayankhe. Mu 2022, a Martha Chizuma ali mkulu wa ACB, aphungu anachotsa lamulo la chilolezolo. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa nthambi ya bwalo lalikulu yoona milandu ya zachuma yokha. Ndi masitepe abwino. Chimene chatsala, m'kuona kwanga, ndi ndondomeko ya masiku yomanga onse: boma lipereke umboni wake wonse kwa woimbidwa mlandu pofika tsiku lakuti, mboni zimvedwe motsatizana osati kamodzi pa miyezi itatu, chigamulo chituluke pofika mwezi wakuti. Masiku amene woimbidwa mlandu wawononga yekha ndi ziletso ndi maapilo asamawerengedwe momukomera. Ndipo boma likachedwetsa popanda chifukwa, wofunsidwa akhale wochedwetsayo, osati mlandu kufa.

Wina anena kuti makhoti athu sangathe. Angathe. Chisankho chinachitika pa 21 Meyi 2019. Majaji asanu anayamba kumva mboni pa mlandu wotsutsa zotsatira zake mu Ogasiti, anakhala pansi tsiku ndi tsiku, inu mukumvera pa wailesi m'minda ndi m'misika, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 chigamulo chinaperekedwa. Unali mlandu wa mapepala miyandamiyanda ochokera m'dziko lonse. Dziko litaufuna, unatha m'miyezi yowerengeka.

Tsopano kwa inu amene muli m'makomiti a chitukuko, a VDC ndi a ADC, a komiti ya sukulu, a komiti ya chipatala, ndi mafumu athu. Pali chizolowezi chimene ndimachimva kawirikawiri. Anthu aona kuti matumba a fetereza wotsika mtengo achepa, kapena simenti ya buloko ya sukulu yalowera kwina, n'kumauzana kuti, "Tiyeni tingokhala chete, ameneyu ngwa chipani cholamula, tidzaona boma likadzasintha." Mantha amenewo ndimawamvetsa. Koma boma likamadzasintha, kope la mainitsi lidzakhala litang'ambika, mlembi wa komiti atasamuka, ndipo milandu ing'onoing'ono ija ya miyezi 12 itapita kale. Mlandu wotsegulidwa chifukwa boma lasintha umaonekanso ngati kubwezera, ndipo umadikira kufa boma likadzasinthanso.

Choncho lembani lero. Tsiku, malo, kuchuluka kwa matumba amene anafika ndi amene analembedwa, amene analipo. Jambulani ndi foni maziko amene anasiyidwa, chikwangwani cha pulojekiti, lisiti lililonse, ndipo zithunzizo zikhale m'mafoni a anthu angapo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Mungathe kulembera khonsolo kufunsa kuti pulojekiti yakuti inapatsidwa ndalama zingati ndipo kontilakita anali ndani, ndipo ayenera kukuyankhani pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Sungani kope la kalata yanu yodindidwa. Dandaulo mungakalitule kupolisi kapena ku ACB, imene ofesi yake yapafupi ndi ife ili ku Lilongwe, ndipo lamulo limati dzina la wotsina khutu lisaululidwe. Mukakapereka dandaulo, lembani tsiku limene mwaperekalo ndipo muzibwererako kukafunsa pamene lafika.

Inunso ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi, alangizi a zaulimi, azaumoyo, apolisi a pamsewu, muli ndi nthawi yanu yoikika. Gawo 36 la lamulo la katangale limati munthu akakupatsani kapena kukulonjezani chiphuphu, mukanene kupolisi kapena ku ACB pasanathe maola 48. Mukakhala chete popanda chifukwa chomveka, mwapalamula inunso.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzakamba za belo: amene amayenera kupatsidwa, chimene chimachitikira womuimira munthu akathawa, ndi chifukwa chake belo ya kupolisi siyenera kulipiridwa ndalama. Mafunso anu tumizani kuno ku wailesi.

(Nyimbo yotsekera.)